Ulendo wa Kumudzi wa Vinyo

"Chawezi yekhayekha basi? Ine ndizingotsuka magalimoto mpaka imfa?" Rex anakalipira Chawezi, dalaivala mnzake.

Bwana wawo, mzungu wokhala m'dera la Al Waab, kudziko lakunja komwe ankagwira ntchito, anali atasankha Chawezi kuti amuperekeze kudziko la Georgia, akathere tsiku kumudzi wa kuphiri komwe amafulula vinyo m'mitsuko yokwirira pansi.

"Khalas, zatha basi, achimwene, ndikakujambulirani mphesa," Chawezi anaseka.

Nsanje inamudya Rex. Poti lamulo latsopano linkalola kusintha ntchito osapempha bwana, anasiya nkukalowa ulonda pahotela.

Ulendo utayandikira, Chawezi anapezeka ndi korona. Anaimbira Rex, yemwe anali chilili pageti, dzuwa likuswa mtengo.

"Bwana amati mupite ndinu," anatero akutsokomola, "kenako akumbukira kuti munachoka. Atenga wophika wawo."