Wonyonga ukhala iwe, Pora

"Wonyonga ukhala iwe, Pora," adatero a Yakasa, mkulu wa ndende, akulavulira m'chitini malovu ofiira ndi mtedza wa buai umene ankatafuna. "Akuluakulu a boma ku Port Moresby akufuna anthu aope. Tikanyonga mmodzi, kuphana kumapiri kuno kutha."

Pora, msilikali wa pandendepo, adayang'ana chingwe chatsopanocho chidakali m'pulasitiki.

"Bwana, mkaidi woti anyongedweyo ndi wa fuko la kutsidya kwa mtsinje. Kwathu kuno mukukudziwa. Sadzati wapha ndi boma, adzati wapha ndi Pora."

"Dzina lako likhala lachinsinsi."

Chinsinsicho chidafika pamsika dzuwa lisanalowe. Lachitatu, mng'ono wake wa Pora adapezeka m'munda wa khofi atakhapidwa ndi zikwanje. Abale a mkaidi adangobwezeratu, poti m'bale wawoyo ankamuyesa wakufa kale.

Koma mkaidiyo adali moyo, akudya mpunga ndi nsomba zam'chitini, apilo yake idakali kukhoti.

A Yakasa adafika pamaliro ndi yunifomu yosita. Matope amene olira amadzola thupi lonse, iwo adangogusa ndi chala pamphumi, kuopa kudetsa kolala.

"Waona kufunika kwa lamulo lonyongali?" adauza Pora. "Achita izi ndi anthu asanu. Onsewo anyongedwa, ndipo udzawanyonge wekha kuti mtima wako uphwe."

Pora adayang'ana azing'ono ake otsala, atakhala pambali pa bokosi.

"Bwana," adatero, "ndatsala nawo atatu okha. Sakwanira kulipira asanuwo."