Katondo M'sefa ya Makala

"Sefayi ilibe mlandu, amayi. Vuto ndi mwini wake!"

"Tseka pakamwa, iwe Ireen. Munthu akupalasa njinga kuchokera ku Nsaru kudzatithandiza, iwe ukuti vuto?"

Ireen anatsonya n'kuyang'ana pampopi. Madzi ankangodontha ngati mphuno ya mwana wa chimfine. Sefa inali itatsekekanso, ndipo amayi ake, a Ezeliya, anali ataimba kale foni.

Zinayamba ndi thobwa. A Ezeliya, chimwalirireni amuna awo, ankadyetsa banja ndi thobwa wogulitsa pamsika wa Kabudula. Koma madzi a m'thanki ankanunkha mankhwala, mpaka ogula anayamba kunena kuti thobwa wawo akumveka kuchipatala. Ndiye kunabwera a Goliati, mmisiri wa masefa a madzi, ndi chibotolo chabuluu chomangirira kumpopi. M'kati mwake munali makala oumbidwa ngati mtondo waung'ono, akuda bii, olimba ngati njerwa yootcha.

"Makala amenewa amameza fungo lonse," anatero tsiku limenelo. "Mukhala nawo miyezi yambiri osandiona."

Miyezi yambiri! Sabata isanathe sefa inatsekeka. A Goliati anabwera, anatsegula, anapeza makala aja atamatika katondo wofiira. Anatsuka, anakanda dazi, ananamizira mapaipi. Sabata inayo chimodzimodzi. Inanso chimodzimodzi.

Koma Ireen sanali mwana. Folomu 4 anaimaliza ndi mutu wake. Anakatunga madzi kwa oyandikana nawo, paipi yomweyo, ndipo anali oyera mbee. Katondo sayenda yekha. Pali dzanja limene linkamuika m'menemo, ndipo dzanjalo analidziwa.

Goliati dzina lokha! Kamunthu kakafupi, kofedwa mkazi kalekale, jekete lopachikika pamapewa ngati lili pamsomali. Kakafika pakhomo kankangoyang'ana pansi, mawu kunjenjemera. Ireen ankaona zonse. Nkhalamba imeneyi inkafuna namwali, ndipo njira yake inali matope.

Chomuwawa kwambiri chinali chakuti amayi ake anali momwemo. Tsiku lobwera a Goliati nkhuku inkafa. Duku watsopano ankatuluka m'sutikesi. "Ireen, athirire madzi a m'manja, ugwade bwino." Ngakhale kasipanala kapulasitiki kotsegulira sefa, kamene bamboyo anasiya, amayi ankakamangirira pamodzi ndi makiyi a nyumba ngati golide. Tsiku lina anachita kumufunsa, maso ali kumbali, "Kodi a Goliatiwa umawaona bwanji?" M'mawa mwake amayiwo anapita kukanong'onezana ndi amalume, a Chakufwa. Nkhani ikafika kwa amalume ndiye kuti yapsa, aliyense amadziwa.

Chonsecho Ireen anali ndi Mike wake ku Lilongwe, woyendetsa njinga yamoto, wa mawu ofewa pafoni, amene anamulonjeza nyumba ya magetsi ndi makatani. Asiye zimenezo n'kumakatsuka jekete lija? Azikakanda dazi? Bola kukhala mbeta mpaka imvi.

Belu la njinga linalira kuseri kwa mpanda.

"Odi kuno!"

A Ezeliya anakonza duku msangamsanga, n'kupukuta manja pachitenje. M'zikhadabo mwawo munali mofiira, ndipo Ireen anaganiza monyoza kuti pofuna kugulitsa mwana, bwenzi atayamba asamba bwino.

A Goliati anapereka moni maso ali pansi. Anapempha kasipanala, amayi anakamasula pamakiyi. Chibotolo chinatseguka. Makala anatuluka akudontha matope ofiira.

"Aa! Koma mapaipi a kunowa..."

"Mapaipi ati, abambo?"

Ireen anali ataimirira, manja ali m'chiuno. Mawu anali atawakonza kale m'mutu.

"Mapaipi omwewa kwa anzathu akutulutsa madzi oyera. Katondo amasankha nyumba ino yokha, eti? Amadziwa kuti kuno kuli mtsikana?"

"Ireen!" anakuwa amayi.

"Ndisiyeni ndinene, amayi! Abambo, inu ndinu msinkhu wa malemu bambo anga. Manyazi mulibe? Kunyamula dothi m'thumba ulendo wonsewu, kudzaipitsa sefa yanu yomwe, kuti mupeze podyera nkhuku n'kumandisuzumira? Ndimvereni lero. Ine sindikwatiwa ndi inu. Ndili naye wanga. Katondo wanuyo kazirireni khonde kwanu!"

Nkhuku zimene zinkatolatola pafupi zinabalalika. Kuseri kwa mpanda kunamveka mayi wina akutsamwa ndi phwete.

A Goliati anangoti kakasi, makala ali m'manja, matope akutsikira m'mkono wa jekete.

"Mwana wanga," anatero potsiriza, "ine dothi? Ine ndimabwera chifukwa ndaitanidwa. Masefa onse amene ndamanga kuchokera ku Nsaru mpaka ku Nambuma ali bwinobwino. Ino yokha ndiyo yandisowetsa tulo. Ndimati mwina ntchito yandikana."

Ireen anaseka mokweza. Bodza la nkhalamba silisowa misozi. Anacheukira amayi ake kuti aone nkhope ya munthu amene chiwembu chake chaululika.

A Ezeliya sanali kuyang'ana iye n'komwe. Anatola kasipanala kaja, anakapukuta, n'kukabwezera pamakiyi awo.

"Wamaliza, dona? Anakuuza ndani kuti pakhomo pano mkazi ndiwe wekha?" Kenaka anatambasula manja, zikhadabo zofiira zili poyera. "Katondoyo ndimakumba ndine kuseri kwa khola. A Goliati, msana wanga watopa, nkhuku nazo zatha, inu kungoyang'ana pansi. Achimwene a Chakufwa akukudikirani, pitani mukandifunsire."