Malemu Abwera Kudzalandira Ufa

Panali munthu wina, kalipentala, yemwe anathawa nkhondo kwawo ndi mkazi wake ndi ana atatu. Kumene anathawirako madzi osefukira anawapezanso n'kukokolola zonse, anangopulumutsa sowo yake basi. Ndi mmene anafikira pamsasa wa anthu othawa, m'tenti yodontha ngati sefa. Nkhaniyi ndi yoona, wandiuza ndi munthu amene anaima naye pamzere.

Njala ya pamsasapo inali yoti ukayasamula, mnzako ankasuzumira m'kamwa mwako kuti mwina wabisamo kanthu.

Tsiku lolembetsa mayina a olandira chakudya, panatulukira mkulu wina wa jekete lonyezimira, wosadziwika kochokera. Anamukokera kalipentala pambali.

"Achimwene, pano odya bwino ndi amayi amasiye. Matumba awiriawiri. Inuyo ingofani."

"Ndife?"

"Papepala pokha. Nzeruyi ndakugulitsani ndi sowo yanuyo."

Kalipentala anapereka sowo, mano onse pamtunda. Mkazi wake atamva anakana.

"Bambo a ana, imfa saiitana. Tilembetse zoona, tidye zochepazo."

"Iwe, unakwatiwa ndi mutu, osati dzungu. Taona mmene ukalirire."

Anafunda nsalu ya mkazi wake n'kuyamba kudzigubuduza pansi: "Mayo ine, amuna anga apita ndi madzi, ndigwira mtengo wanji ine!" Analira mokoma moti a matenti oyandikana anabwera kudzapepesa maliro. Kenako anaitana ana.

"Kuyambira lero ine ndine amalume. Wonena kuti ababa, ndimukoka khutu mpaka lifike pabondo."

Mkazi uja anapita, ndipo mlembi analemba: mwamuna, malemu. Pakhomo anthu anayi.

Tsiku lolandira litafika, zinadziwika kuti amasiye amangoyamba pamzere, koma chakudya amayeza powerenga mitu. Anapatsidwa ufa, nyemba ndi mafuta za anthu anayi, pakamwa pali pasanu. Ndipo malemuwo ankadya kuposa amoyo. Wajekete uja anali atasungunuka ngati mchere m'madzi, ndi sowo yomwe.

Mwezi usanathe mkazi anadwala m'mimba, anamutengera kuchipatala cha tsidya la mtsinje. Madzi anakweranso, njira yobwerera kunalibe. M'tenti chakudya chinatheratu, ana n'kugona ndi madzi masiku awiri. Wamng'ono, mtsikana wa zaka zinayi, anasiya ngakhale kulira.

Lole ya chakudya itabwera, kalipentala anatenga khadi lolandirira chakudya la mkazi wake, kunyamula mwanayo n'kukaima padzuwa mpaka kufika patebulo la mlembi.

"Khadi ili ndi la mayi wamasiye," anatero mlembi. "Inu ndinu ndani?"

"Mwamuna wake."

"Mwamuna wake anapita ndi madzi."

"Ndabwerako."

Mzere wonse unaseka, nthiti zili gobedegobede.

"Ndiye kuti ndinu malemu?"

"Eya mayi, malemu ndine, koma ana anga ali moyo. Chidyere dzana. Chonde, ngakhale kapu imodzi ya ufa."

Mlembiyo sanali wouma mtima. Anati akuba makhadi achuluka, koma mwana sanama. Anawerama n'kufunsa, "Iwe mwanawe, awa ndani?"

Mwana anayang'ana bambo ake, anagwira khutu lake, n'kuyankha chapansipansi, "Ndi amalume."

Kalipentala anagwada m'matope.

"Mwana wanga, nena zoona, lero sindikukoka. Ndine ndani?"

"Amalume," anatero mwanayo, khutu ali chigwirire.

Mlembi anasunga khadi lija mpaka mwini wake adzabwere yekha. Anangopereka mabisiketi atatu a ana. Thumba lomaliza linatsitsidwa, lole inaliza injini, kubweranso mwezi wamawa.

Atafika kutenti, ana awiri aja anayang'ana m'manja mwa bambo awo, kenako kumbuyo kwawo, ngati thumba likubwera lokha wapansi. Wamng'ono uja anawakoka malaya.

"Amalume, ndanena bwino eti? Ndiye tidya?"

Munthu wodziwa kulira uja anangowagawira ana mabisiketi atatu aja.

Phunziro: Abale anga, polembetsa chithandizo nenani zoona, ndipo nzeru za munthu wa jekete lonyezimira zisiyeni m'jekete momwemo. Ukafa papepala, mimba imatsala yamoyo, ndipo bodza lomwe waphunzitsa mwana ndi lomwe adzakuyankhe nalo. Tumizirani anzanu asanadziphe ndi cholembera.