Khutu la a Zefaniya a ku Chigayo

Ndikulumbira abale, dzanja lili m'mwamba: nkhani iyi ndi yoona yonse. Andiuza ndi alamu anga, ndipo alamu angawo sanama, kupatula pa nkhani za mpira.

Panali munthu wina cha ku Kabwazi, a Zefaniya, woyendetsa chigayo cha dizilo. Khutu lawo lakumanzere linagontha kalekale ndi phokoso, ankangodalira lakumanja. Tsiku lina m'mawa, anthu atangokolola, anadzuka lakumanjalo litatsekeka, mkatimo mukulira ngati nyenje.

Akazi awo, a Martina, anachita kuwakuwira: "Bambo a Cathy, pitani kuchipatala lero lomwe!"

"Aaa, ndi ufa uwu, walowa. Matumba afika kumsewu, chigayo ndisiyire ndani?"

Anatokosa ndi nthenga ya nkhuku. Anathiramo mafuta ophikira ofunda. Anavala chipewa chaubweya, poti ena amati ndi mphepo ya Juni. Masabata anayi anatha choncho.

Ndiye tsiku lina a Martina anabwera kudzawola gaga wa nkhumba. Powerama, chitenje chawo chinakodwa ku lamba wa injini. A Zefaniya anali atafulatira, akuthira chimanga uku akuimba kamluzu. Amayi a pamzere anakuwa, "Zimitsani! Zimitsani, mupha munthu!" Iwo osamva kanthu. Anangodabwa kuona amayi onse kukamwa kuli yasa, manja ali kumutu. Potembenuka, akazi awo ali pansi, lamba akuwakoka. Anazimitsa injini mutu wa a Martina utatsala pang'ono kufika pachitsulo. Mkono wakumanja unali utathyoka pawiri.

Kuchipatala, a Martina akuikidwa chikhakha, adokotala anaunika khutu lija ndi katochi. Poona kuti kulankhula sikuthandiza, analemba papepala: "Mulibe ufa ngakhale phula. Vuto ndi mtsempha wamkati. Mukanabwera sabata yoyamba, mwina mankhwala akanathandiza. Pano mwachedwa."

Ntchito inathera pomwepo. Lero a Martina akafuna kuwaitana, amawagenda ndi chitsononkho, ndi dzanja lamanzere.

Phunziro: Khutu likangotsekeka mwadzidzidzi, musadziuze nokha kuti ndi phula, chimfine kapena mphepo. Siyani nthenga, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, masiku ake ndi owerengeka. Tumizani kumagulupu onse, ndipo amene satha kuwerenga muwawerengere makutu akadalipo.

Koma za kamluzu zija ndangowonjezera ine. A Zefaniya alibe mano akutsogolo.