Njinga Yotsala Paphiri

Reto ankapukuta njinga yake ndi thaulo la mkazi wake, Ladina. Tsiku limene anagwa potsetsereka m'kanjira ka miyala, helikopita inanyamula iye yekha, njinga n'kutsala pamwamba pa phiri.

Ladina anathamangira kuchipatala akulira.

"Ndimayesa mwafa, bambo a Seraina."

"Ndi mwendo chabe," anatero Reto. "Koma mnzanga uja, njinga yanga, ali yekha kuphiri, ndipo mawa kugwa chipale chofewa. Ukamutenge. Usakamukwere, uzikamukankha pang'onopang'ono."

"Pepani kwambiri. Koma wadya mnzanuyo?"

"Si nthabwala izi, mkazi iwe."

Misozi ya Ladina inauma. Atafika kunyumba analongedza chikwama chachikulu, n'kuikamo pasipoti. Anatsimikiza mumtima kuti njingayo akaitenga ndithu, ndipo akaikwera, chifukwa kuseri kwa phirilo njira imatsetsereka mpaka kwa mchemwali wake ku Italy.