Funso la Chaka Chino

Lamulo linkati banja lililonse lizifunsa boma funso limodzi lokha pachaka. Ndaziona, loya wa boma ku ofesi ya zikalata, anabwera ndi fomu ya banja lawo n'kuiika pamphasa, atatopa.

"Chaka chino tifunse za malire a munda," anatero mwamuna wake, Lameki. "Anzathu oyandikana nafe aja alowa kale mizere isanu m'munda mwathu."

Mayi ake a Ndaziona anangowerama. Zaka zinayi zotsatizana iwo ankafunsa chinthu chimodzi: mwana wawo Yotamu anafa bwanji m'ndende? Yankho linkabwera mawu ambiri atafutidwa ndi inki yakuda. Wofutayo anali Ndaziona yemweyo, ndipo akanangoulula zimene anawerenga, ntchito ikanatha, mwinanso kumangidwa.

"Lembani za mundazo, ine ndatopa," anatero mayiwo. Kenako anayang'ana mwana wawo. "Sindikufunsa loya, ndikufunsa iwe, mlongo wake. Kunali kozizira mwezi umene uja. Kodi anafunda?"

Ndaziona anali atawerenga kale zikalata za imfa ya Yotamu kambirimbiri. Panalibe paliponse pamene panatchulidwa bulangete.

"Anafunda, amayi," anayankha.