Mayi Chitsulo ndi Ola la Lachisanu

Panali mayi wina, ndipo akuti izi zinachitikadi, amene anali mlangizi ku bungwe lothandiza amayi ndi ana ochitidwa nkhanza. Ntchito yake inali kumvera basi. Ankakhala m'kachipinda ka mipando iwiri, anthu n'kumalowa mmodzimmodzi kudzamukhuthulira zakukhosi. Anzake ankamutcha Mayi Chitsulo, poti zaka khumi ndi ziwiri sanagwetsepo msozi.

Chaka china bungwelo linaitana katswiri woona za umoyo wa ogwira ntchito. Atakhala nawo sabata yathunthu, katswiriyo anati, "Womvera zowawa tsiku ndi tsiku nayenso amavulala, kungoti bala lake silituluka magazi. Aliyense aziona anthu asanu okha patsiku. Lachisanu muzipatula ola limodzi, mukhale pansi, muuzane zimene zakulemerani."

Mayi Chitsulo anaseka. "Ife tinabwera kudzathandiza anthu, osati kudzasisitana misana. Mwauona mzere uli panjapo?"

Ola la Lachisanu likakwana, iye ankatola mafayilo a anzakewo n'kumapitiriza ntchito. Anthu asanu anasanduka khumi. Abwana nawo, poona kuti zinthu zikuyenda, anangoyang'ana kumbali.

Koma kutopa sikupempha chilolezo. Akafika kunyumba ankangovula nsapato n'kudziponya pampando, maso ali pakhoma. Anafika poika lamulo: "Pakhomo pano sindifuna kumva vuto la munthu. Makutu anga adzaza."

Anali ndi mwana mmodzi, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Tsiku lina mtsikanayo anadzaima pambali pa mpando uja.

"Amayi, ndimafuna ndikuuzeni za aphunzitsi aja amanditsalitsa tikaweruka..."

"Mawa, mwanawe. Lero ndamva zokwana."

Mawa lake yankho linali lomwelo. Kachitatu mwanayo sanayesenso. Anasiya kuseka, chakudya ankangochitokosa. Mayiyo, yemwe ankaphunzitsa makolo anzake zizindikiro zomwezi, anangoti ndi msinkhu, zidzatha.

Lolemba lina anatsegula chitseko cha kachipinda kake kuti aitane wotsatira. Pa benchi, pakati pa amayi awiri obereka ana, panali mwana wake, ali mu yunifolomu, atagwira kakhadi ka nambala seveni.

"Iwe, ukutani kuno? Wataya makiyi?"

"Ayi, amayi."

"Nanga kusukulu bwanji?"

Mwanayo anayang'ana kakhadi kake. "Ndinafunsa alonda pageti. Akuti munthu akatenga nambala, mumamumvera mpaka amalize."

Mayi Chitsulo anatambasula dzanja kuti amulowetse, koma mlangizi mnzake anamugwira paphewa.

"Pepani, amayi. Mukudziwa kuti wachibale simungamuone. Ndimuona ine."

Chitseko chinatsekedwa, iye n'kutsala panja. Anakhala pa benchi pomwe panali mwana wake, akumva timawu tapansipansi m'katimo, kenako kulira. Zimene aphunzitsi aja anakhala akumuchita mwanayo kwa miyezi itatu, woyamba kuzimva anali munthu wina, mayi wake womubereka ali kuseri kwa chitseko.

Phunziro: Ukamasenza mavuto a anthu, peza potula ako, usadikire kuti khutu lako ligonthe kwa a m'nyumba mwako. Kupuma si ulesi, ndipo abwana amene amasangalala wantchito akamadzipha ndi ntchito nawonso ali ndi mlandu. Tumizirani anamwino, alangizi, aphunzitsi ndi onse amene amakhalira kumvera zowawa za anzawo, mwina pali mwana wina amene akuuzidwa kuti mawa.